"Ndinaonera kale filimu yake": yankho kwa mayi amene mwana wawo wakana buku

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Dzina lawo sinditchula, koma nkhani yawo ndi iyi. Ali ndi mnyamata wa Fomu 3. Patchuthi anamugulira buku la William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, poganiza kuti nkhani ya mwana mnzake wa ku Kasungu, amene anapanga yekha makina a mphepo otulutsa magetsi, ingamuchotseko pafoni. Mnyamatayo anangoyang'ana pachikuto n'kunena kuti, "Iyi ndinaonera kale filimu yake, amami." Bukulo mpaka lero lili pawindo, latuwa ndi fumbi. Ndiye akufunsa kuti: kodi mwanayu akulakwa? Ngati nkhani ndi imodzimodziyo, pali chifukwa chomukakamizira kuwerenga? Chakumapeto anawonjezera kachiganizo kamodzi, ngati akunong'ona, kakuti nawonso chaka chino sanamalize buku ngakhale limodzi, chifukwa akangoti atsegule tsamba foni imalira.

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyamba ndi mwanayo, koma dziwani kuti kachiganizo kanu komalizaka ndibwererako, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Poyamba ndimuikire kumbuyo pang'ono. Filimu ija si yachabechabe. Inatuluka mu 2019, ndipo Chiwetel Ejiofor ndi amene anailemba, kuitsogolera, komanso kusewera ngati bambo a William, a Trywell. Anabwera kudzaijambula konkuno, ku Kasungu, ndipo dothi lofiira mukuliona mmenemo ndi lathu lenileni. Inde, Chichewa chake ambiri tinachiseka. William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake ndi Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal, ndiye mawu ena amatuluka opindika moti ife eni chiyankhulo timachita kudalira mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi kuti timve Chichewa chathu chomwe. Akangoyankhula Lily Banda, amene ndi Annie, mchemwali wa William, mufilimumo, khutu limapumako. Komabe ine sindili m'gulu la amene anakwiya nazo. Munthu wakunja amene wasankha kuvutika ndi chiyankhulo chathu, pamene akanatha kungoyankhulitsa aliyense Chingerezi, ine ndimamuvulira chipewa.

Palinso zinthu zimene filimuyi imachita zomwe buku silingathe. Chigulu cha anthu chikukankhana pofuna kugula chimanga, nkhope ya mayi amene sakudziwa choti awaphikire ana, Gule Wamkulu akutulukira mwakachetechete pamaliro: zimenezi diso limazilandira nthawi imodzi, mtima n'kugunda. Amene anaona njala ya 2001 ndi 2002 ndi maso awo, ena sanathe kuimaliza filimuyi. Choncho mwana wanu akati anaonera, sanataye nthawi.

Pomwe akulakwitsa ndi poganiza kuti nkhani ndi imodzimodziyo. Si imodzi ayi, ndipo kusiyana kwake si kwa tizinthu tating'ono.

Tiyambe ndi chachikulu. Mufilimu, William akumanga makina ake a mphepo njala ili pachimake, makinawo akupopa madzi pachitsime, madzi akuyenderera m'munda, mbewu zikumera, banja lapulumuka. Mapeto okoma kwambiri. M'buku, limene William analemba ndi mtolankhani Bryan Mealer n'kutuluka mu 2009, zinthu sizinayende choncho. Njala inatha monga imathera kumudzi: dowe anakhwima, maungu anayamba kudyedwa, amene anatsala ndi moyo anayamba kuwongoka. Makina anabwera pambuyo pake, William atakhala pakhomo chifukwa makolo analephera kumulipirira fizi ku sekondale ya Kachokolo. Ndipo makina oyambawo sanapope madzi. Anayatsa kababu kamodzi kakang'ono, William atakagwira m'manja pamwamba pa nsanja ya mitengo ya bulugamu, anthu amene ankamunena kuti wachita misala ataima pansi kudikira kuti amuseke. Iye mwini ankawatchula kuti magetsi a mphepo. Kenako anakokera mawaya m'nyumba, mababu anawonjezeka, wailesi inayamba kulira popanda kugula mabatire. Madzi a pampu anafika patapita zaka, dziko litamudziwa kale ndipo anthu akufuna kwabwino atathandiza.

Mukuona zimene filimu yachita? Yatenga zaka zingapo n'kuzipanikiza mu nyengo imodzi ya ulimi, ndipo yasandutsa kababu kukhala mpulumutsi wa mudzi. Sindikuti Ejiofor ananama mwadala. Filimu yosakwana maola awiri imene yakuonetsani njala kwa ola lathunthu iyenera kuiyankha njalayo isanathe, apo ayi oonera atuluka atakhumudwa. Koma kwa ine kababu kaja n'kolemera kuposa munda wothiriridwa. Mwana wa zaka 14 amene ankagona dzuwa likangolowa chifukwa palafini ndi wodula, tsopano akuwerenga usiku ndi kuwala kumene wapanga yekha. Palibe amene wapulumutsidwa, koma m'nyumba imodzi ya ku Masitala, kwawo kwa William, usiku watalikirako.

Ndiye pali dayinamo ya njinga, mtima wa makina onsewo. Mufilimu inali ya mphunzitsi amene ankazemberana ndi Annie, mchemwali wake wa William, ndipo imafika m'manja mwa William kudzera m'chibwenzi chimenecho. M'buku amene anagula dayinamoyo ndi Gilbert, mwana wa mfumu Wimbe, mnzake wa William wa ponda apa nane mpondepo, ndi ndalama za m'thumba mwake, ataona kuti mnzakeyo wasowa pogwira. Laibulale nayo inasamutsidwa. Mufilimu ili kusekondale, ndipo William amachita kumuopseza mphunzitsi uja kuti aulula chinsinsi kuti azilowamo. M'buku ndi kachipinda ka pa pulayimale ya Wimbe, koyang'aniridwa ndi mayi Edith Sikelo, ndipo ankangolowa n'kubwereka monga wina aliyense. Njinga ya bambo ake, imene mufilimu yautsa mkangano woopsa pakati pa bambo ndi mwana, m'buku inali yowonongeka kale, ndipo ngakhale bambowo anayamba akana, anadzalola popanda nkhondo yonse ija. Apa mukhoza kuona chizolowezi cha filimu: pamene moyo weniweni unali ndi ubwenzi ndi kupirira, iyo imaikapo mkangano, chifukwa mkangano ndi umene umaoneka pakanema.

Koma pali malo amodzi pamene buku ndi lowawa kuposa filimu, ndipo ndi pamene ndimafuna mwana wanu afike. Galu wa William, Khamba. Mufilimu galuyo amafa ndi njala, timamva chisoni, nkhani n'kupitirira. M'buku William ndi amene anamutenga Khamba, atawonda mafupa okhaokha, kupita naye kuthengo, kumumangirira kumtengo, n'kutembenuka kubwerera kunyumba. Galuyo ankamukhulupirira mpaka pamene chingwe chinkamangidwa. Ndinawerenga gawo limenelo ndili m'minibasi ndipo ndinachita kutseka buku, kuyang'ana pawindo kwa kanthawi. Filimu inamuchotsera William mlandu umenewo kuti tipitirize kumukonda mosavuta. Buku linamusiyira, ndipo iye mwini ndi amene anasankha kuulula. Njala imapha anthu, koma imawachititsanso zinthu zoti adzazisenze moyo wawo wonse, ndipo zimenezi simungazidziwe mutangoonera.

Zina zimene filimu inasiya ndi zoseketsa. William ali wamng'ono anapita kukatemeredwa mangolomera m'zibakera kuti akhale ndi mphamvu zoposa anzake, n'kukayamba ndewu ndi mnyamata wamkulu, ndipo anabwerako atathidzimulidwa bwinobwino. Tsiku lina atawerenga za gasi wochokera ku ndowe, anatola zitosi za mbuzi n'kuziwiritsa mumphika wabwino wa mayi ake. Inu monga mayi mukudziwa kale mmene nkhaniyo inathera. Ndipo chaka china mvula itavuta, anthu ena anayamba kuloza makina aja kuti ndi amene akuthamangitsa mitambo, ndi ufiti. Mwana yemweyo, misala dzulo, katswiri lero, mfiti mawa. Ameneyo ndiye mudzi umene tonse timaudziwa.

Chimene ine ndimachikonda koposa m'bukuli ndi masamba amene wina angati ndi otopetsa, ofotokoza mmene ankapangira zinthu. Analibe chobowolera, ndiye anatenga msomali, kuubaya pachitsononkho kuti chikhale chogwirira, n'kumauwotcha pamoto mpaka ufiire. Mapaipi apulasitiki ankawadula m'litali, kuwawamba pamoto, kuwaphwathalitsa kuti akhale mapiko. Zitsekerero za mabotolo zinasanduka mawashala. Fani ya thirakitala anakaitola kumtaya wa zitsulo pafupi ndi sukulu imene inamuthamangitsa, anzake akumuonera pawindo. Chingerezi cha m'buku la ku laibulale lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto, ndi ena a sayansi amene ankabwereka, chinkamuvuta, ndiye ankayamba ndi chithunzi, kufunafuna mawu ogwirizana ndi chithunzicho, kufunsa tanthauzo, kubwereranso. Masabata ndi masabata. Filimu imakuonetsani zonsezi m'mphindi zochepa, nyimbo ikulira pansipansi, ndipo mumatsala ndi maganizo akuti mwanayu anabadwa ndi nzeru zachilendo. Buku limakukhazikani pansi limodzi naye mpaka muone kuti mbali yaikulu ya nzeruzo inali kutha kukhala ndi chinthu chimodzi nthawi yaitali osachisiya.

Apa ndiye tafika pa kachiganizo kanu kaja, mayi.

Ndiulule zanga kaye. Ulendo wachiwiri umene ndinaonera filimuyi, pokonzekera kukuyankhani, ndinali ndi foni m'manja. Ndinati ndingoyankha uthenga umodzi wa pagulu la abale, wokhudza zopereka za chinkhoswe. Nditadzutsa mutu, Khamba anali atafa kale ndipo sindinaone kuti zachitika bwanji. Ndinachita kubweza m'mbuyo. Munthu amene ndikulemba zoti ana aziwerenga, ndalephera kukhala chete maola awiri pa filimu imene ndinasankha ndekha. Ndiye mwana wanu akati "ndinaonera", mufunseni mwachifatse kuti anaonera bwanji. Yonse, kuchokera poyamba mpaka pomaliza? Kapena diso limodzi lili pa WhatsApp? Kapena tizidutswa ta pa TikTok ndi Facebook, pomwe wina wakudulirani kale malo okoma okhaokha? Masiku ano mkangano wa buku ndi filimu unatha mphamvu, chifukwa zonse ziwiri zikugonja kwa mdani mmodzi.

Ndipo musadziimbe mlandu kwambiri ngati kuti ndinu ofooka. Zinthuzi anazipanga dala kuti zisakhale ndi pothera. Buku lili ndi mapeto a mutu, pomwe mumaika kapepala n'kudzuka. Filimu imatha, mayina n'kuyamba kukwera. Koma Facebook ndi TikTok zilibe tsamba lomaliza, chala chimangokankha, china n'kubwera. YouTube ndi Netflix zimayambitsa zokha kanema wotsatira inu musanaganize ngati mukumufuna. Kadontho kofiira ka uthenga kaja sikakuuzani ngati ndi nkhani ya maliro kapena ndi chithunzi cha maluwa cha "mwadzuka bwanji", ndiye mumatsegula kuti muone, ndipo kusadziwako ndi kumene kumakubwezani kambirimbiri. Reed Hastings, amene ankatsogolera Netflix, ananenapo poyera mu 2017 kuti amene akupikisana naye kwenikweni ndi tulo. Ngati akulimbana ndi tulo, buku la pawindo ndi ndani?

Malangizo ambiri amene mungawerenge pa intaneti amati zimitsani foni, itsekereni mudilowa. Amene amalemba zimenezo sakhala moyo wathu. Kwa ife foni ndi banki, muli Airtel Money ndi Mpamba. Ndi tochi magetsi akazima, ndi wailesi, ndi Baibulo, ndi wotchi yodzutsa m'mawa. Ndi mmene mumamvera kuti agogo kumudzi adwala. Ndiye pali magulu: la mpingo, la banki mkhonde, la makolo a kusukulu, la amene munaphunzira nawo limodzi, la akuchimuna, la akuchikazi. Kutuluka pagulu la abale kuli ngati kunyanyala pamaliro, mawa lake mulandira foni yofunsa kuti talakwanji. Choncho sindikuuzani kuti mutaye foni.

Chimene chinandithandiza ine n'chaching'ono: kuzimitsa data, foni n'kuisiya yoyaka. Amene ali ndi nkhani yeniyeni aimba, ndipo mumva. Zina zonse zidikira, ndipo bandulo imakhalitsako. Chachiwiri, foni ikhale kuchipinda china, pachaja, osati pampando pambali panu itagadamira pansi, chifukwa dzanja limapita lokha. Ngati simukukhulupirira kuti vuto ndi lalikulu, pitani ku Settings. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo otchedwa Digital Wellbeing, a iPhone ali ndi Screen Time, ndipo amakuuzani maola amene mwakhala pafoni tsikulo ndi kangati mwaitsegula. Ine nditaona zanga koyamba ndinaganiza kuti foni yasokonekera. Muonere limodzi ndi mwanayo, yanu ndi yake, koma konzekani, chifukwa mwina yanu ndi imene ipambane.

Tsopano za mnyamatayo. Musamulande foni n'kumupatsa buku m'malo mwake. Mukatero bukulo lasanduka chilango, ndipo adzadana nalo mpaka kukula, monga ena a ife tinadanirana ndi mabuku amene tinkawaloweza chifukwa cha mayeso a MSCE. Musamuuzenso kuti buku limaposa filimu nthawi zonse. Si zoona, ndipo ana amadziwa tikamanena zinthu zongotengera.

M'malo mwake gwiritsani ntchito filimu yomweyo ngati nyambo. Mwana wa Fomu 3 palibe chimene amakonda kuposa kugwira wamkulu bodza. Muuzeni kuti filimu imene akuinyadirayo inasintha zinthu zambiri, ndipo makina oyamba sanapope madzi n'komwe. Akatsutsa, musalimbane naye, mungoloza pawindo. Mukhoza kubetcherana: akapeza zinthu zisanu zimene filimu inasintha, zimene sindinatchule pano, mumugulira bandulo ya sabata. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati kuchiza uchidakwa ndi botolo la mowa, koma amene wawerenga masamba ambiri chonchi kuti apeze bandulo wawerengabe, ndipo pena pake m'katimo amaiwala za banduloyo.

Asayambirenso patsamba loyamba ngati sakufuna. Akudziwa kale nkhani yonse, ndiye palibe choti muope kumuululira. Mutsegulireni pa zitosi za mbuzi paja, kapena pa mangolomera, aseke kaye. Chingerezi chikakhala chikumulemera, pali mtundu wina wa buku lomweli umene anaufupikitsa kuti ukhale wa achinyamata, unatuluka mu 2015, ngakhale kuti ine ndingakonde atalimbana ndi lalikululi popeza muli nalo kale. Ndipo ngati mungathe, muwerengereni mokweza kamodzi kapena kawiri mukatha kudya nsima yamadzulo, inu ndime imodzi, iye ndime imodzi. Achita manyazi, anena kuti si mwana, koma amvetsera. Ife tinakulira nthano za pamoto, khutu lathu limagwira nkhani msanga kuposa diso. Ubwino wake wina ndi wakuti pamene mukuwerenga mokweza simungagwire foni, ndiye vuto lanu lija nalo likuchepa nthawi yomweyo.

Mphindi makumi awiri zokha poyamba. Masiku oyambirira mudzaona kuti mwawerenga tsamba lonse koma simukukumbuka kanthu, maganizo anali kwina, dzanja likuyabwa. Zimenezo zimachitikira aliyense amene wakhalitsa osawerenga, ndipo zimachepa pakapita masiku. Ine zinanditengera pafupifupi sabata ziwiri kuti ndiyambenso kuiwala nthawi ndili m'buku.

Pali kanthu kena m'bukumo kamene kamandiseketsa ndikakaganizira pankhani yathuyi. Magetsi a mphepo atayamba kugwira bwino ntchito, William anapeza njira yotchajira mafoni, ndipo anthu amene ankamuseka aja anayamba kubwera pakhomo ndi mafoni awo m'manja kudzatchajitsa. Iye mwini intaneti anakaiona koyamba mu 2007 ku Arusha, ku Tanzania, kumene anaitanidwa kukayankhula pa msonkhano wa TED, wa anthu ofotokoza nzeru zatsopano. Atamuonetsa Google n'kufufuza za makina a mphepo, panatuluka zithunzi ndi malangizo osawerengeka, zinthu zimene iye anazifukula movutikira kuchokera pa chithunzi cha pachikuto cha buku limodzi. Pambuyo pake anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kukamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Ndimadzifunsa nthawi zina kuti akanakhala ndi foni ya mwana wanuyo ali ndi zaka 14, zikanatha bwanji. Mwina akanamanga makinawo m'mwezi umodzi, poti zonse zili pa YouTube. Mwinanso akanaonera mavidiyo makumi asanu a anthu ena akumanga makina, n'kugona. Sindinganamize kuti ndikudziwa, ndipo funso limeneli ndi labwino kumufunsa mnyamata wanuyo kuti mumve ayankha chiyani.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, mayi. Bukulo lichotseni pawindo, lipukuteni, muyambe ndinu, iye akuona. Musalengeze, musamuyang'ane. Mukafika pa Khamba mudzandilembere, ndipo mudzandiuze ngati munatha kupitiriza usiku womwewo, chifukwa ine minibasi inandipitiriza siteji.